Kamera ilibe manja

Mesho wanga amaphunzira za makompyuta, ine za filosofi ndi mbiri yakale. Takhala chipinda chimodzi zaka ziwiri osakanganapo, kupatula pa nkhani ya amene wamaliza shuga. Koma mwezi wathawu tinayambana zenizeni, mpaka masiku atatu tikungopatsana moni wapakhomo. Gwero lake linali pulojekiti yake ya chaka chomaliza. Anandipempha kuti ndimukonzere Chingerezi m'chikalata chofotokoza pulojekitiyo, ine m'malo mosaka makoma osowa ndinayamba kufunsa mafunso amene sanandipemphe.

Ganizo lake ndi labwino, ndinene zimenezo poyamba. Akufuna kukonza njira yoti dokotala wodziwa za odwala mwakayakaya, atakhala pachipatala chachikulu, aziona odwala a m'zipatala za m'maboma. Pamwamba pa bedi lililonse pali kamera. Pathupi la wodwala pali timawaya toyeza kugunda kwa mtima, BP, kapumidwe ndi kuchuluka kwa mpweya wa okosijeni m'magazi. Manambalawo akuyenda pa intaneti kukafika pa sikirini ya dokotala, pomwe bedi la amene zikumuvuta likusanduka lofiira. Kunja amazitcha tele-ICU. Patsamba lachitatu anajambula mabokosi anayi olumikizidwa ndi mivi: wodwala, makina, seva, dokotala. Ndinayang'ana chithunzicho kwa nthawi ndithu, kenako ndinamufunsa kuti, "Nanga nesi ali pati? Nanga gadiyani?" Iye anati, "Aise, ine ndakupempha za galamala."

Sanadziwe kuti wandikhudza pachilonda.

Chaka chatha m'nyengo yozizira, a malume anga, amene akhala akundilipirira fizi kuyambira Fomu 1, anagonekedwa pachipatala cha boma kwathu ndi chibayo. Ali ndi shuga kale, ndiye matendawo anawagwetsa msanga. Poti ndinali patchuthi komanso ndine mwamuna, ugadiyani wa usiku unagwera ine. Amene sanakhalepo gadiyani aziti mwayi. Umasambitsa munthu amene unkamuopa uli mwana, umamutembenuza, umakataya mkodzo, umamumwetsa phala ndi sipuni uku ukumunyengerera, ndipo tulo umakaba pansi pa bedi utafunda chitenje cha mayi ako.

Anawaika m'kachipinda ka mabedi anayi pafupi ndi tebulo la manesi, kamene amasungiramo odwala ofunika kuwayang'anira pafupipafupi. Munali makina opanga okosijeni kuchokera mumphepo wamba, aja amalira ngati firiji yakale, ndi kachipangizo kamodzi kopana chala komwe nesi ankakasuntha bedi ndi bedi. Pofika tsiku lachiwiri ndinali nditaphunzira kuti nambala ikakhala 92 kapena kupitirira mtima uzikhala m'malo, ikatsika pansi pa 90 ndithamange. Usiku nesi anali mmodzi, ndipo kupatula kachipindako anali ndi wodi yonse ya abambo, anthu oposa 40.

Usiku wachitatu, itangodutsa 1 koloko, magetsi anazima. Makina aja anasiya kulira. Jenereta inayaka ndithu, koma panapita mphindi zingapo, ndipo pamene nesi amabwera ndi kachipangizo kaja nambala inali 84. Kenako 81. A malume ankapuma ngati munthu amene wathamangitsidwa ndi agalu, maso ali gwa padenga. A clinical officer a usikuwo anali ku fiyeta ndi mayi wina amene ankachitidwa opareshoni yobereka, ndipo sakanatha kumusiya. Nesi anatulutsa foni yake, anajambula pepala lolembapo manambala a wodwala, n'kulitumiza pa WhatsApp kwa dokotala wina amene anagwira naye ntchito kale pachipatala chachikulu. Chithunzicho chinangozungulira osapita. Ananditembenukira n'kunena kuti, "Achimwene, muli ndi bandulo?"

Ndinali nayo, yotsala pang'ono, yomwe ndinkasungira mpira wa Loweruka. Ndinamulumikiza. Pasanathe mphindi ziwiri dokotalayo anaimba pa vidiyo, mawu ake akumveka kuti wadzutsidwa. Anati timuonetse wodwalayo, osati pepala. Ine ndinagwira foni, dzanja likunjenjemera, nesi akugwira ntchito. Anamuuza kuti awerenge kapumidwe kwa mphindi yathunthu, anapeza 38. Ayeze shuga. Awakhazike tsonga. Achotse timachubu ta m'mphuno aike masiki yokhala ndi kathumba, ndipo apeze silinda chifukwa makina aja sangakwanitse mpweya wofunika. Bambo wothandiza mu wodi anathamanga kukaitenga ku wodi ina, tinamva ikugubuduka pakhonde. Nambala inakwera pang'onopang'ono, 86, 89, mpaka 92. Foni yonseyo inatenga mphindi 11. A malume alipo mpaka lero, ndipo sabata yatha anandikalipira chifukwa cha magiredi.

Koma usiku womwewo, chakum'mawa, nesi akuzungulira wodi yaikulu anapeza gogo wina wa pabedi la kumapeto atamwalira kale. Gadiyani wake anali mdzukulu, mnyamata wa zaka mwina 15, amene tulo tinamugonjetsa. Gogoyo analibe makina alionse pathupi. Palibe amene akudziwa nthawi imene anasiya kupuma. Nesi uja sindimuimba mlandu ngakhale pang'ono, chifukwa ndinamuona ndi maso anga komwe anali.

Ndiye ndikamatsutsana ndi mesho sikuti ndikukana kuti dokotala wakutali angapulumutse munthu. Ndinaziona, foni ili m'dzanja langa. Vuto langa ndi mabokosi anayi aja.

Titayambananso kulankhula ndinakhala mulaibulale masana angapo kuwerenga komwe zinachokera zimenezi. Zinayambira ku America. Madokotala awiri a ku Johns Hopkins, Brian Rosenfeld ndi Michael Breslow, anaona kuti akatswiri a ICU ndi ochepa kuyerekeza ndi mabedi, makamaka usiku, ndipo anayambitsa kampani imene inadzadziwika kuti VISICU. M'chaka cha 2000 zipatala za Sentara ku Norfolk, m'chigawo cha Virginia, zinakhala zoyamba kugwiritsa ntchito njirayi mokhazikika, ndipo mu 2008 kampaniyo inagulidwa ndi Philips. Kagwiridwe kake ndi kotere: m'chipinda china, mwina kutali ndi chipatala chilichonse, mumakhala dokotala mmodzi ndi manesi angapo odziwa bwino za ICU, atazunguliridwa ndi masikirini, akuyang'anira mabedi oposa 100 nthawi imodzi. Kompyuta imawasankhira amene manambala ake ayamba kulowera kolakwika. A ku Emory, ku Atlanta, anafika potumiza madokotala ndi manesi awo ku Australia, poyamba ku Sydney mu 2016 kenako ku Perth, n'cholinga choti usiku wa ku Atlanta uziyang'aniridwa ndi anthu amene kwa iwo kuli masana, osati ogwa ndi tulo. Nditawerenga zimenezo ndinakumbukira mawu a dokotala wathu uja, odzutsidwa pakati pa usiku popanda malipiro.

Chimene chinandikhazika pansi ndi kafukufuku awiri amene anatuluka m'magazini imodzi ya zachipatala, JAMA, koma n'kupeza zosiyana. Wa mu 2011, wochitikira ku Massachusetts pa odwala oposa 6,000, anapeza kuti imfa za m'chipatala zinatsika kuchoka pa 13.6 kufika pa 11.8 mwa odwala 100 alionse. Wa mu 2009, wochitikira m'ma ICU 6 a dera la Gulf Coast, sanapeze kusintha kwenikweni akaphatikiza odwala onse. Makina ake ofananirapo, dziko lomwelo. Koma m'kafukufuku wa 2009, pa odwala pafupifupi awiri mwa atatu alionse, madokotala a pamalopo analola anzawo akutaliwo kulowererapo pokhapokha moyo ukakhala pachiswe. Nthawi zina zonse ankangoonerera. Ku Massachusetts gulu lakutali linali ndi mphamvu yochitapo kanthu, ndipo linkaonetsetsa kuti zinthu zazing'ono za tsiku ndi tsiku, monga kupewa kuundana kwa magazi ndi chibayo chobwera ndi makina opumira, zikutsatidwa. Kusiyana kunali pa funso limene m'kalasi mwathu timalitafuna semesita yonse: ndani ali ndi ulamuliro, ndipo ena aja akumulola chifukwa chiyani?

Kuno funsoli n'lolemera kwambiri. M'zipatala za boma, ma ICU enieni ali pazipatala zazikulu zinayi, Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu, ndipo ntchito yambiri ya tsiku ndi tsiku mmenemo amaigwira ndi manesi pamodzi ndi ma clinical officer ogonetsa anthu pa opareshoni. Awa ndi anthu amene aona odwala ambirimbiri ndi manja awo. Tsiku lina mawu otuluka pakhoma akadzanena zosiyana ndi zimene iwo akuona, adzamvera ndani? Wodwala akamwalira, mufayilo mudzalembedwa dzina la yani? Nesi wathu uja anaimbira dokotala ameneyo chifukwa ankamudziwa, ndipo ankadziwa kuti sakamunena kwa mabwana kuti walephera ntchito. Kukhulupirirana kumeneko n'kumene kunayendetsa foniyo. Bandulo yanga inangothandizira.

Chaka chachiwiri tinaphunzira za ndende imene Jeremy Bentham anaiganizira, yokhala ndi nsanja pakati pomwe mlonda amaona akaidi onse koma iwo osamuona, ndi mmene Michel Foucault anaitengera kukhala chithunzi cha ulamuliro wa masiku ano. Pamayeso ndinalemba zoloweza. Ndinazimvetsa nditaona chithunzi cha mesho. Kamera yoyang'ana bedi maola 24 imayang'ananso nesi maola 24. Nesi akaganiza kuti diso limenelo ndi la ku ofesi, lowerenga mphindi zimene wakhala pansi, ndikulumbira kuti pasanathe sabata padzapezeka thawulo litakoloweka pakamerapo mwangozi. Aku America omwewo anaziona. M'zipinda zawo zambiri kamera ikakhala yozima imayang'ana kukhoma, ikamayatsidwa pamalira kabelu ngati munthu akugogoda, ndipo pakhoma pali batani loti nesi adine akafuna thandizo. Mivi ya mesho yonse inkachokera kwa wodwala kupita kwa dokotala. Panalibe muvi woti wapafupi ndiye aitane.

Apa ndi pamene anapsa mtima. Anati anthu a mbali yathu ya sukulu ntchito yathu ndi kufunsa mafunso pomwe anzathu akupanga zinthu, ndipo mafunso sanapulumutsepo munthu. Anati katswiri mmodzi amatenga zaka zoposa khumi kuti aphunzitsidwe, sitingawachulukitse ndi nkhani ya umunthu, ndipo wodwala wa ku Chitipa ali pamtunda wa makilomita oposa 300 kuchokera ku Mzuzu, pa ambulansi imene mwina ilibe mafuta. Ndinalibe choyankha. Akunena zoona. Pali odwala amene dokotala wakutali atawaona angati musamunyamule, afera panjira, chitani izi pomwepo, ndi ena amene angati nyamukani pompano musadikire kuche. Chiweruzo chokhacho n'chokwanira kulipirira pulojekiti yonse.

Komabe magetsi aja anazima. Tonse tikukumbukira 2022, namondwe Ana atawononga siteshoni ya Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mmene tinkawerengera ndi tochi ya pafoni. Starlink inafika m'dziko muno mu 2023 ndipo mesho amaitchula ngati pemphero, koma mbale yake nayonso imadya magetsi komanso ndalama mwezi ndi mwezi. Mu pulojekiti yake manambala ankayamba apita ku seva, seva n'kuweruza kuti zavuta, kenako uthenga n'kubwerera ku wodi. Netiweki ikadula, ndiye kuti wodi yagontha. Ine amene sindidziwa kulemba mzere ndi umodzi womwe wa pulogalamu ndinamuuza kuti alamu iyambe yalira m'wodi momwemo, pa batire, kaya intaneti ilipo kaya palibe. Iye anawonjezera zimene ine sindikanaziganiza: manambala ndi opepuka, vidiyo ndi yolemera, choncho netiweki ikafooka vidiyo ndiyo iyambe kugwa, kutsale mawu, mawu akakanika manambala apite ngakhale pa SMS. Anandionetsanso za ntchito yotchedwa IMPALA, imene yakhala ikuyesa m'mawodi a ana kuno ku Malawi makina oyeza odwala okhala ndi batire, otumiza manambala a mabedi onse pa tabuleti ya nesi. Mtunda woyamba wofunika kuufupikitsa ndi wochokera pabedi la kumapeto kufika patebulo la nesi.

Gogo uja sanali mu ICU ayi, ndipo pulojekiti ya mesho sikanamuona. Kafukufuku amene anatuluka mu The Lancet mu 2025, wochitikira m'zipatala 180 za m'maiko 22 a mu Africa, anapeza kuti mwa odwala akuluakulu ogonekedwa, mmodzi mwa 8 alionse anali wodwala mwakayakaya, ndipo pafupifupi 7 mwa 10 a amenewa anali m'mawodi wamba. Mmodzi mwa asanu anamwalira pasanathe sabata. Ambiri sankalandira ngakhale zinthu zoyambirira, zotsika mtengo: okosijeni, diripi, kugonekedwa chammbali kuti njira ya mpweya isatsekeke. Ukamanga diso lamphamvu n'kuliloza pa mabedi anayi okha, wasiya kunja unyinji wa anthu amene akufa.

Ndipo malangizo opanda zipangizo ndi nkhanza. Dokotala uja akanati bweretsani silinda, silinda n'kukhala palibe, ndiye kuti tikanangokhala ndi mboni yowonjezera. Ku India, pulojekiti ya 10BedICU imene inayamba mu 2021, Covid itavuta, inatsata ndondomeko imene ndikuiona yanzeru. M'zipatala za boma za kumidzi, m'zigawo monga Karnataka ndi Manipur, amaika mabedi khumi okhala ndi zipangizo zake, amaphunzitsa ogwira ntchito a pamalopo, ndipo amawalumikiza ndi akatswiri a pakoleji ya zachipatala ya m'chigawo chomwecho kudzera pa pulogalamu yaulere yotchedwa CARE. Kamera ndi gawo chabe la katundu yense. Kwathu kuno tili ndi chitsanzo cha Chipatala cha pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka mu 2011 ndipo pano chili m'manja mwa Unduna wa Zaumoyo. Chinakula chifukwa chinagwiritsa ntchito foni imene anthu anali nayo kale m'thumba, m'chinenero chimene amalankhula kunyumba. Si ICU, n'zoona, koma sichinathe ndalama za opereka thandizo zitatha, monga zimathera zinthu zambiri zimene timaziona zitaunjikidwa m'sitolo ya chipatala zitachita fumbi.

Nkhani ya gadiyani ndi imene sindigonjapo. M'zipatala zimene njirayi inabadwira, achibale ndi alendo, amabwera ndi maluwa pa ola loikika. Kwathu gadiyani ndi wantchito wopanda yunifolomu, ndipo usiku ndi iye amene amayamba kuona kuti munthu wasintha kapumidwe. Mnyamata uja akanakhala ndi kanthu koti kamudzutse, kapena wina akanamuuza tsiku loyamba kuti agogo akayamba kupuma motere uthamange, mwina nkhani ikanakhala ina. Makina amene amalira ndi mawu a Chingerezi ndi zidule za madokotala amamusandutsa gadiyani mlendo pabedi la m'bale wake. Komanso alamu ikamalira pa chilichonse, kachipangizo kakangosuntha pachala, anthu amazolowera n'kusiya kuimva, ngati tambala wa kwa aneba. Zimenezi zimachitika ngakhale m'zipatala zolemera.

Palinso ulemu. Wodwala wa mu ICU nthawi zambiri sangathe kuvomera kapena kukana kanthu. Amavulidwa, amasambitsidwa, amadziipitsira. Akuona ndani mbali inayo? Zikujambulidwa n'kusungidwa? Kwa nthawi yaitali bwanji, pa seva ya m'dziko liti? Malawi ili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma lamulo silingakuuze kuti kamera itembenuke pamene mayi akusintha thewera la mwamuna wake. Zimenezo amasankha ndi wopanga makina, asanagule ngakhale waya mmodzi. Usiku uja ifenso tinatumiza chithunzi cha fayilo ya a malume, dzina lili poyera, pa foni ya munthu wamba kudzera pa bandulo ya mwana wasukulu. Sindikudandaula kuti tinatero. Koma chithunzicho mwina chikadali m'foni ziwiri, pakati pa zithunzi za maukwati.

A malume atachira ndinawafotokozera zonse. Anakhala chete, kenako anati, "Ndiye mwandiulutsa pakanema ndili chifuwa pamtunda?" Ndinati inde, malume, panalibe kuchitira mwina. Anafunsa ngati dokotalayo ndi wa kwathu konkuno, ndinati sindikumudziwa ngakhale dzina. Izi zinawavuta kuposa za chifuwa zija. Kwa iwo n'zosamveka kuti munthu akuthandize pa imfa ndi moyo iwe osadziwa khomo loti ukagogode ndi nkhuku. Nesi yekha ndi amene anailandira.

Mesho wasintha chithunzi chake. Tsopano pali mabokosi asanu ndi limodzi, ndipo muvi umodzi ukuchokera pabedi kupita kwa nesi usanapite kwina kulikonse. Kamera sanaichotse, akuti aphunzitsi ake sangapereke magiredi abwino pa pulojekiti yopanda kamera, koma waiikira chotsekera chapulasitiki choti munthu angathe kutseka ndi dzanja. Bokosi la gadiyani lili ndi chizindikiro cha funso chifukwa sanapeze pepala la kafukufuku loti aikire umboni. Waikanso batani pambali pa bedi. Dzulo usiku tinachedwa kugona tikukangana mawu oti alembedwe pabatanipo. Iye akufuna "Thandizo". Ine ndikuti gadiyani wamanyazi, woopa kukalipiridwa, sangadine mawu aakulu choncho mpaka zitafika poipa, bola "Itanani anesi". Iye akuti zilembo zachuluka, sizikwana pabatani. Chikalatacho chikufunika Lachisanu, ndipo Chingerezi chija sindinayambe n'komwe kuchikonza.